Mayi Wogwada wa pa Chithunzi cha Aubertin

Mudzi wathu wa Vauchelin unali ndi matchalitchi awiri. Lalikulu linali pamsika, ndipo m'menemo ndi mmene munkachitikira Misa ya Lamulungu, maukwati ndi maubatizo. Kenako kanali kakang'ono, ka miyala yotuwa, pamwamba pa chitunda kuseri kwa minda ya maapozi. Wansembe ankakwerako kawiri pachaka basi. Masiku ena onse katchalitchiko kankakhala kotseka, ndipo kiyi wake ankasunga Philomène Gaudry, mkazi wa Onésime wosema nsapato zamtengo.

Anthu ankati Philomène anapempha ntchito yosesa m'menemo pofuna kupepesa Mulungu. Iye sankawatsutsa, koma nkhani yake inali ina. Zaka zitatu m'mbuyomo mwana wake mmodzi yekhayo, Clémence, anapezeka m'dziwe la pachigayo m'mawa wina wa nyengo yozizira, ali ndi pakati pa miyezi isanu, mwini pakatipo osadziwika. Bambo Courcelle, wansembe wa mudziwo, anagamula kuti mtsikanayo anadziponya yekha m'madzi, choncho sangagone m'manda odalitsidwa. Philomène anagwada pakhomo pawo mpaka mawondo kuchita dzanzi. Iwo anangoti lamulolo si lawo. Clémence anaikidwa kunja kwa mpanda, kuseri kwa khoma la kumpoto la katchalitchi kapachitunda, pamalo pomera zitsamba zoyabwa, popanda belu, popanda mtanda.

Kukhala pamandapo masana kukanamuputira pakamwa pa anthu, poti njira ya ngolo inkadutsa pomwepo. Ndiponso Onésime anali atamuletsa.

"Ine ndikufuna anthu aiwale," anatero, "iwe ukufuna uziwakumbutsa."

Koma m'kati mwa katchalitchi, benchi yomalizira inagunda khoma la kumpoto lomwelo. Philomène anayeza ndi mapazi, kunja ndi m'kati, n'kupeza kuti akakhala kumapeto kwa benchiyo, phewa litatsamira mwala, pakati pa iye ndi mwana wake pankatsala khoma lokha. Ndiye tsiku lililonse akamupatsa mwamuna wake msuzi wa kabichi ndi buledi, ankakwera chitunda, n'kusesa mwachidule, n'kukhala pamenepo. Sankapemphera. Ankamuuza Clémence za nkhuku, za mvula, za amene wakwatiwa ndi amene wathawa ukwati. Akamapukuta fumbi paguwa ankachita ngati akutsuka mbale ya munthu amene salankhulana naye.

Chaka chachitatu chimwalirireni Clémence, maapozi akupsa, kunabwera mlendo wochokera ku Paris, Savinien Aubertin, wojambula zithunzi ndi utoto. Anali wa ndevu zofiira, wolankhula mothamanga, wa nsapato zosadziwa matope athu. Anayamba ndi kujambula mtsinje ndi milu ya udzu, ndipo amuna a kunyumba ya alendo, kumene ankagona, ataona ntchito yake anaseka mpaka kutsamwa ndi mowa. Wina anati nkhuku yake itaponda mu utoto n'kuyenda pansalu ikhoza kumuposa.

Tsiku lina Philomène ali pamalo ake, chitseko chinalira, ndipo munthu uja analowa chipewa chili m'manja.

"Ndinu Mayi Gaudry? Bambo Courcelle akuti kiyi ali ndi inu."

"Mwalowa kale, kiyi ndi wachiyaninso?"

"Ndikufuna ndizijambula muno."

"Muno mulibe chojambula, bambo. Ziboliboli zokongola zonse za oyera anazitsitsira kutchalitchi la pamsika. Watsala Yosefe wothyoka mphuno uyo."

"Sindikufuna oyera ayi." Analoza pansi, pakati pa mabenchi. "Ndikufuna icho."

Philomène anayang'ana. Panali pansi chabe, pamene anali atangosesa.

"Dikirani pang'ono," anatero Aubertin. "Dzulo ndinasuzumira pachibowo cha kiyi."

Zenera la kumadzulo linali ndi magalasi achikasu ndi ena ofiirira, otsalira akalekale, osafanana. Dzuwa litapendeka linadutsa m'menemo n'kugwa pamiyala yapansi ngati uchi wotayika, kenako linayamba kukwawa, kukwera mwendo wa benchi, kukafika pakhoma lopaka laimu. Fumbi limene tsache linadzutsa linkayandama m'kuwalamo. Philomène anali atakhala m'nyumba imeneyi zaka zitatu, ndipo zimenezi zinkachitika tsiku lililonse kutsogolo kwake, koma iye ankapenya mwala wa kumpoto wokha.

"Mthunzi uwo, pansi pa benchi, ndi wamtundu wanji?" anafunsa mlendoyo.

"Wakuda. Mthunzi ukhalanso wamtundu wanji?"

"Yang'anitsitsani."

Anayang'anitsitsa monyinyirika. Unali wabuluu, wotsamira kofiirira, ngati nthuza zakupsa. Sanamuuze.

Kuyambira tsiku limenelo Aubertin ankabwera masana aliwonse. Ankaimika chinsalu chake pamtengo wa miyendo itatu pafupi ndi chitseko, n'kumadikira. Kuwala kukafika ankagwira ntchito ngati munthu wozimitsa moto, burashi ina m'manja, ina pakamwa. Kusanathe ola kuwalako kunkachoka, iye n'kutukwana pang'onopang'ono, n'kupepesa kwa Yosefe wothyoka mphuno.

Poyamba Philomène anadana naye, poti anamulanda malo ake okhala yekha. Koma munthuyu anali ndi chinthu chimodzi chimene a m'mudzi analibe: sankatsitsa mawu polankhula naye. Chichitikireni maliro aja, akazi a pachitsime ankamulankhula ngati wodwala, ena ngati wopatsirana matenda. Aubertin ankamufunsa chifukwa chake mowa wa maapozi wa kuno umapweteka m'mimba, n'kumuseka akayankha kuti mimba za ku Paris n'zapepala.

Sabata yachiwiri Aubertin anaika burashi pansi n'kumuyang'ana.

"Mayi Gaudry, chithunzichi chikusowa munthu. Mungabwere apa, pamene pamagwa dzuwa, mugwade?"

"Ndinagwada kokwanira pa moyo wanga."

"Ola limodzi silikwana n'komwe. Uko mwakhalako kuli mdima, sindikuonani."

"Ndani wakuuzani kuti ndikufuna kuoneka?"

Anakana masiku awiri. Tsiku lachitatu anadzuka yekha pabenchi, osapemphedwanso, n'kukagwada pamene anamulozera paja. Iye mwini sankadziwa chifukwa chake. Mwina chinali chakuti panali patatha nthawi yaitali munthu asanamupemphe kanthu kena kupatula chakudya.

Anagwada masiku khumi ndi awiri. Miyala inali yozizira, koma dzuwa likafika linkamutenthetsa pakhosi ndi m'mapewa. Tsiku lina, lachisanu ndi chiwiri kapena lachisanu ndi chitatu, kunja kunali zii, njiwa zokha padenga, ndi kaphokoso ka burashi pansalu. Anatsinzina, kuwala kukufiira m'zikope mwake, ndipo mtima wake unakhala pansi ngati madzi a m'mtsuko. Atatsegula maso, dzuwa linali litachoka, ndipo anazindikira kuti nthawi yonseyo sanamuganizire Clémence ngakhale kamodzi. Anachita mantha. Aubertin atapita, anathamangira kubenchi yake, n'kugwira khoma ndi manja onse awiri, n'kupepesa.

Mawa lake, ali chigwadire, anayamba kulankhula osatembenuka. Anamuuza mlendoyo zonse: za dziwe la pachigayo, za tsitsi la mwana wake litadzaza ndere, za pakhomo pa wansembe, za amuna anayi amene anakumba dzenje mofulumira ngati akukwirira galu. Anamuuza chimene chili kuseri kwa khoma.

"Ndiye musaganize kuti ndimabwera muno chifukwa cha Iwowo," anatero, akuloza guwa ndi chibwano. "Iwowo ndi ine tinasiyana."

Burashi inali itasiya kulira. Atacheuka anaona maso a Aubertin ali ndi misozi.

"Pepani, mayi," anatero. Kenako anayang'ana zenera. "Dzuwa likutithawa. Weramitsaninso mutu pang'ono, ngati muja munachitira dzulo."

Philomène anaweramitsa mutu. Sanamusungire mangawa pa zimenezo. Aliyense ndi ntchito yake, ngakhale Onésime sankasiya kusema munthu akamamulankhula. Aubertin atamaliza, Philomène anamupempha chinthu chimodzi.

"Khoma la kumpotolo mulionetse. Ngakhale pang'ono."

"Lilimo kale. Bwerani muone."

Anayandikira, ndipo sanaone kanthu koma madontho ndi mikwingwirima. Aubertin anamugwira pamkono n'kumubweza m'mbuyo mpaka pachitseko. Ali pamenepo madontho aja anagwirana. Katchalitchi konse kanali pansalupo, kachete, kuwala kukutsika ngati chinthu chamoyo, ndipo pakati pake panali kamunthu kovala zakuda, kopanda nkhope, kogwada. Kudzanja lamanja, m'ngodya, munali khoma lake, labuluu, ndi benchi yopanda munthu. Philomène anayang'ana benchiyo nthawi yaitali. Anapita kunyumba akuganiza kuti Clémence, amene ankalakalaka kukaona Paris, tsopano akafikako mwanjira ina.

Sabata yotsatira Bambo Courcelle anaitana Aubertin kukadya kwawo, ndipo anamupempha kuti chithunzicho chisanapite chiyambe chaimikidwa m'tchalitchi lalikulu pa tsiku la Oyera Onse. Philomène anamva zimenezi pachitsime.

Tsikulo tchalitchi linadzaza. Philomène anakhala kumbuyo, pambali pa Onésime, monga mwa masiku onse, poti wosema nsapato amene mkazi wake sapita ku Misa sakhala ndi omugula. Chithunzicho chinali kutsogolo, pakati pa makandulo awiri. Anthu amene anali pafupi ankakodolana n'kumabisa kuseka. Koma a kumbuyo ankachiona bwino, ndipo anali chete.

Bambo Courcelle anakwera pagome. Anali munthu wa mawu okoma, ndipo tsiku limenelo anawakometsa.

"Ine sindidziwa za luso latsopanoli," anatero, anthu n'kuseka pang'ono. "Koma mayi ali apayu ndikumudziwa, nanunso mukumudziwa. Nyumba yake inalowa manyazi aakulu. Mpingo unapereka chigamulo chowawa, ndipo iye analira. Kodi anawukira? Ayi. Zaka zitatu, tsiku ndi tsiku, popanda womuona, wakhala akukwera chitunda kukagwada, kupepesa chifukwa cha tchimo la mwana wake. Taonani mmene kumwamba kwamuyankhira. Kuwala uku si kwa dzuwa lokha. Amayi nonse amene ana anu akusokera, phunzirani kwa Philomène Gaudry kuweramitsa mutu."

Mitu yonse inatembenuka. Philomène anafuna kuimirira, koma dzanja la Onésime, lolimba ngati mtengo umene ankasema, linamugwira pabondo.

Panja akazi anamuzungulira. Noémie wa kophikira buledi, amene zaka zitatu ankamupatsa buledi osamuyang'ana kumaso, anamupsompsona masaya onse awiri.

"Ife sitinkadziwa, mayi. Muzitipemphererako nafenso."

Kunyumba Onésime anafika mochedwerapo, kumaso kuli psuu ndi mowa umene anzake anamugulira. Anakhala patebulo n'kunyema buledi.

"Wamva bodza lija, iwe n'kukhala chete?" anafunsa Philomène.

"Bodza lake liti? Sunagwade?"

"Akuti ndimapepesera tchimo la Clémence."

Onésime anatafuna kanthawi. Dzina limenelo linali lisanatchulidwe patebulopo chichitikireni maliro.

"Lero anthu andipatsa moni, Philomène. Wa pachigayo wandigwira chanza. Zisiye zikhale choncho."

M'mawa mwake Philomène anapita kunyumba ya alendo. Anapeza Aubertin pabwalo, akukhomera zithunzi zake m'mabokosi, ngolo yopita kusiteshoni ikudikira. Aubertin atamuona anavula chipewa, nkhope itagwa.

"Mayi Gaudry, sindinkadziwa kuti alankhula zimene zija."

"Munawauza chiyani patebulo pawo?"

"Ndinawapempha kuti alole mtanda pamanda a mwana wanu. Ndinkafuna kukuthandizani. Ndinawauza kuti mumakwera tsiku lililonse."

"Munawauza kuti sindipemphera?"

Aubertin anayang'ana nyundo imene inali m'manja mwake.

"Ndikanatero sakanalola."

"Ndiye alola?"

"Akuti aganizira."

Philomène anaseka, kuseka kouma. Chithunzi chija chinali chitatsamira gudumu la ngolo, chisanalowe m'bokosi. Kumbuyo kwake kunali kapepala. Iye sankadziwa kuwerenga kwambiri, koma mawu amenewo ankawadziwa, poti anali pachikuto cha buku lake la Misa.

"Mwalembapo kuti Pemphero."

"Chithunzi chimafuna dzina."

"Ndichotsenimo."

"Mayi..."

"Muli ndi kampeni kaja mumapalira utoto. Ndipaleni. Musiye benchi ndi khoma ndi dzuwa lanulo."

"Sindingathe. Mukachokamo inu, kuwalako kulibe pogwera. Chithunzi chonse chimaima pa inu."

"Ndiye ndine pogwera kuwala. Ngati mwala wapansi."

"Si choncho. Komanso taonani, nkhope yanu palibe. Ndi madontho asanu a utoto basi. Ku Paris palibe amene adzadziwe kuti ndinu."

"Kuno adziwa. Ine ndimakhala kuno, bambo. Inu mukukwera ngolo."

Woyendetsa ngolo anali atasiya kumanga zingwe, akumvetsera. Aubertin anatsitsa mawu, koyamba chimudziwireni.

"Ine ndinajambula chimene ndinaona. Tsiku lija munatsinzina, njiwa zikulira padenga, ndinali pomwepo. Mundiuze kuti mumtima mwanu munalibe kanthu. Sindikudziwa dzina lake, ine sindilowa m'tchalitchi chimwalirireni mayi anga. Koma chinalipo, ndipo ndinachiona."

Munthuyu anali atamugwira Philomène pachilonda penipeni. Ola limodzi lija, limene anamusiya mwana wake yekha kuseri kwa khoma iye n'kumawothera dzuwa, ndi limene linali pansalupo, ndipo linali kupita kukapachikidwa kuti anthu aziliona zaka ndi zaka.

"Munaona mayi ataiwala mwana wake," anatero Philomène. "Mwachipatsa dzina lokongola."

Anatembenuka n'kumapita. Aubertin anamuitana kawiri. Atafika pamphambano anamva nyundo yayambanso kulira.

Masana omwewo anakasiya kiyi pakhomo pa wansembe, m'manja mwa wantchito, osanena kanthu. Bambo Courcelle anauza anthu kuti mayiyu wasiya chifukwa cha kudzichepetsa, safuna kutamandidwa, ndipo anthu anamulemekeza koposa. Za mtanda uja wansembeyo sanaziganizirenso. Philomène anayamba kumapita kuseri kwa khoma poyera, dzuwa likuswa mtengo, n'kumazula zitsamba zoyabwa ndi manja. Onésime analankhula mpaka kutopa. Koma ngakhale zimenezi anthu anazipezera tanthauzo lawo: odutsa pangolo ankavula zipewa, n'kumanong'onezana kuti akupempherera mzimu wotayika.

Aubertin sanabwerenso. Analemba kalata imodzi, ya masamba atatu, imene mphunzitsi anamuwerengera. Inkanena kuti chithunzicho chakondedwa, kuti munthu wina analira atachiona, kuti iye sadzamuiwala. Philomène anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuthokoza mphunzitsiyo, n'kukayatsira moto kalatayo.

Zaka zinapita. Bambo Courcelle anamwalira, n'kuikidwa ndi mabelu a midzi itatu. Onésime anawatsatira. Kunabwera wansembe wachinyamata, Bambo Lestrange, munthu wamanyazi koma wa mtima wabwino. Atamva nkhani yonse anapita kwa Philomène, amene tsopano anali wokalamba, maso akuchita nkhungu.

"Mayi, ndikhoza kukwera nanu m'mawa kwambiri, awiriwiri, ndikawaze madzi odalitsa pamandapo. Palibe amene ayenera kudziwa."

"Anamunyoza mudzi wonse ukuona, Abambo. Mukafuna kumudalitsa, imbani belu, mudzi wonse ubwere."

"Zimenezo akuluakulu anga sangalole."

"Ndiye msiyeni. Wagona zaka makumi awiri wopanda madzi anuwo."

Wansembeyo anaweramitsa nkhope. Akunyamuka, Philomène anamugwira mkanjo.

"Koma pali china chimene mungathe. Ndikafa, mukandiike kunja kwa mpanda, pambali pake. Si lamulo limenelo, ndi kufuna kwanga. Mwamva?"

"Ndamva, mayi."

Anamwalira chisanu chotsatira, chifuwa chitamugwira sabata imodzi yokha. Bambo Lestrange anafotokozera akuluakulu a mpingo zimene malemu anapempha. Noémie wa kophikira buledi, amene tsopano ankatsogolera gulu la amayi opemphera Korona, anati amenewo anali mawu a matenda. Ena anati mudzi ungachite manyazi otani alendo a ku Paris, amene anali atayamba kubwera kudzaona katchalitchi ka pachithunzi, atamva kuti mayi wogwada uja anatayidwa kuthengo. Wansembeyo anayesa kawiri, kenako anagonja.

Philomène Gaudry anaikidwa m'manda odalitsidwa a pamsika, mzere woyamba, pafupi ndi khomo la tchalitchi lalikulu, mapazi ochepa kuchokera pamwala wa Bambo Courcelle. Mudzi wonse unabwera, ndipo amayi anaimba bwino kwambiri. Kuchokera pamenepo kukafika pachitunda ndi ulendo wa theka la ola kwa munthu wa miyendo yabwino.